Malaputopu Awiri Patebulo la ku Kiliniki

Towela Zimba anali ataphunzitsa giredi 3 pasukulu ina ya ku Kambombo kwa zaka zisanu ndi chimodzi wopanda pepala la uphunzitsi. Ana ankamutcha aphunzitsi, makolo ankamutcha aphunzitsi, koma mwini wakeyo ankadziwa kuti tsiku limene boma lidzatumize munthu wa pepala, iye adzapereka choko ndi manja awiri n'kubwerera ku khasu. N'chifukwa chake analembetsa maphunziro aja ophunzira uli kwanu, n'kumakaonekera kukoleji pa tchuthi pokha. Zaka zitatu zinatha, mayeso olemba anakhoza onse. Chinatsala chinali chimodzi: akoleji amuone akuphunzitsa.

Tsono m'mwezi wa Malichi ndani angachoke kukoleji ku Chipata kudzaona munthu mmodzi ku Kambombo? Mitsinje inali yodzaza, msewu uli phala lokhalokha. Akoleji anatumiza uthenga woti amene ali kutali ajambule phunziro lonse, mphindi makumi anayi, ndi mafoni awiri, ina yoloza mphunzitsi ina yoloza ana. Kenako aphatikize zojambulazo zikhale vidiyo imodzi yopepuka, n'kuitumiza pa intaneti isanakwane 4 koloko madzulo Lachisanu. Wochedwa adikire chaka chamawa. Chaka chamawacho Towela sankachikhulupirira, pakuti mphekesera yoti kukubwera aphunzitsi atsopano inali itafika kale pachigayo, ndipo nkhani ikafika pachigayo ndiye kuti yatsala pang'ono kuchitika.

Kujambula kunayenda bwino Lolemba. Aphunzitsi anzake awiri anagwira mafoni, ana anakweza manja ngati alipidwa, ngakhale uja wokonda kutafuna pensulo anakhala ngati munthu. Ntchito inatsala inali ya laputopu.

Laputopu anali nayo, ndipo sinali yotola. Mlongo wake wamkulu, Boniface, wowotcherera zitsulo ku Ndola, ndiye anaitumiza pa basi nthawi ya Khirisimasi. Boniface sukulu anailekera giredi 9, koma pogula chinthu sathamanga. Anazungulira mashopu mwezi wathunthu akufunsa, mpaka anaphunzira mawu oti purosesa, kachitsulo kamene kamaganiza m'kati mwa makinawo. Pafoni anamufotokozera Towela kuti purosesa ya laputopu iyi ili ngati munda umene akulima anthu asanu ndi atatu nthawi imodzi, pamene zotchipa zili ndi olima awiri okha. Pomaliza anati mdani wake wamkulu ndi fumbi, ndiye aisamale.

Mawu omalizawo anawagwira ndi mayi awo, a NyaGoma. Mayiwa anatenga thonje lotsala la m'munda mwawo, n'kuchotsa njere imodziimodzi, n'kusoka khushoni yokhuthala ya chitenje chobiriwira, yofanana kukula ndi laputopuyo. Chinthu chochokera ku Ndola, chogulidwa ndi thukuta la mwana wawo, sichikanakhala pathabwa ngati mbale ya nkhuku. Mlendo amamuyalira. Kuyambira pamenepo kulikonse kumene laputopu inkapita, khushoni inkapitanso, ndipo Towela ankaikhazika pamwamba pake osaganizanso. Polemba manotsi ndi powerenga mabuku a kukoleji sinavutepo.

Lachiwiri ataweruka, Towela anakhala pakhonde, n'kuika zojambula zonse ziwiri mu pulogalamu imene anawaphunzitsa kukoleji, n'kudina kuti ntchito iyambe. Panatuluka kamzere koyenda pang'onopang'ono, ndipo pansi pake panalembedwa kuti kwatsala maola asanu ndi anayi. Anaseka, poganiza kuti makina akungoyerekeza. Makina sankayerekeza. Patatha ola ndi theka batire inatha, laputopu inazima, ndipo zonse zimene inali itachita zinapita. Ntchito ya mtundu umenewu ikadukira panjira umayambiranso poyamba.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lachitatu m'mawa Towela anasiyira mnzake kalasi n'kupita kukiliniki, kumene kunali magetsi a sola. Kumeneko kunali nesi Chanda Kapembwa, mayi wa ku Mufulira amene anatumizidwa kuchigwa kuno zaka ziwiri zapitazo, wapakamwa koma wa mtima wabwino. Chisenga cha kuderali chinali chisanamulowe, choncho iye ndi Towela ankakumana pa Chinyanja. Chanda anamvetsera, n'kunena kuti soketi ampatsa, koma kuyambira 10 koloko mpaka 2 koloko basi, dzuwa likakhala pamutu. Magetsi otsala ndi a amayi obereka kukada, ndipo amenewo sangawakhudze ngakhale atabwera mkulu wa koleji mwini.

Maola anayi a soketi, kuonjeza ola ndi theka la batire. Towela ankaphunzitsa masamu, ankadziwa kuti sizikwana, koma anayesabe, poganiza kuti mwina pa magetsi laputopu ilimbikira. Sinalimbikire. Inkalira ngati chigayo chakutali, kamzere kakukwawa, mpaka inazima cha m'ma hafu pasiti 3 itangodutsa theka.

Tsiku limenelo Towela anachita chinthu chimene pambuyo pake anachita nacho manyazi. Anakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene netiweki imapezeka ukaimika foni m'mwamba, n'kuimbira Boniface. Anali ndi mantha, ndipo mantha a Towela amatulukira pakamwa.

"Adumbu, anakupusitsani," anatero kwa mlongo wakeyo. "Chinthu ichi n'chabechabe. Mukanafunsa anthu ophunzira musanagule."

Ku Ndola kunamveka phokoso la zitsulo kanthawi ndithu. Kenako Boniface anangoti wamva, ndipo foni inaduka. Towela anatsika pachulu atadziwa kale kuti mawu oti anthu ophunzira agwera pachilonda.

Lachinayi linali tsiku lomaliza, chifukwa Lachisanu linali la ulendo wa ku boma, kumene intaneti imanyamula zinthu zolemera. Towela anafika kukiliniki 9 koloko maso ali ofiira. Anapeza Chanda atatulutsa laputopu yakeyake, imene anaigula ali pasukulu ya unesi. Inali yotopa ndithu. Ngodya ina inali yomatidwa ndi pulasitala wa pachilonda, batani la chilembo chimodzi linachoka, ndipo batire inafa kalekale moti ukaizula pa soketi inkazima nthawi yomweyo. Chanda anati aziyendetse zonse ziwiri pamodzi, ntchito imodzi, ola limodzi, imene itsogole ndiyo aidalire.

Anakopera zojambula ndi pulogalamu pa fulashi. Podikira 10 koloko, anatsegula tsamba limene laputopu imanena za m'mimba mwake. Ya Chanda inali ndi purosesa ya olima awiri, ya zaka zambiri. Ya Towela inali ndi asanu ndi atatu, monga ananenera Boniface. Pamenepo mwina sanamunamize, anaganiza Towela, koma nanga asanu ndi atatu aulesi ali ndi phindu lanji?

Anaziika patebulo la m'chipinda chaching'ono chosungira makadi. Ya Chanda inakhala pathabwa, ya Towela pa khushoni yake yobiriwira ngati mkwatibwi. Itakwana 10 koloko anawerenga mpaka katatu n'kudina pamodzi.

Poyamba ya Towela inalumpha. M'mphindi zisanu inali patsogolo ndithu, ndipo mtima wa Towela unadumpha nayo. Kenako inayamba kulira kuja, n'kuchepetsa liwiro, nambala ya maola otsala n'kumakwera m'malo motsika. Yakale ija sinathamange, sinalirenso. Inangoyenda kuyenda kwake. Isanakwane 11 koloko inali itafika pamene panali inzakeyo, n'kudutsa.

Linali tsiku la sikelo, ndipo amayi amene anabwera kudzayezetsa ana anamva kuti m'kachipindamo muli mpikisano. Ankasuzumira pakhomo mmodzimmodzi, mwana kumsana, kufunsa kuti ikutsogola ndi iti. Ambiri anali kumbali ya yakaleyo.

Chanda analowa akupukuta m'manja, n'kuyang'ana mizere iwiri ija. "Manje onani, ba Towela, ka nkhalamba kanga kakupitirirani. Nanga aja anchito eiti ali kuti? Ayenda ku maliro?"

Towela anayesa kuseka koma sizinatheke. Ya Chanda inkasonyeza kuti yonse ifuna maola asanu ndi limodzi, ndipo pa 2 koloko soketi ikazima nayonso izima. Yakeyo inali itabwerera pa maola ake a masiku onse. Yopambana pampikisanowo siikanafika, yogonja siikanafikanso. Anakhala pabenchi n'kuyamba kuganiza mmene akawauzire ana a giredi 3 kuti chaka chamawa kudzabwera aphunzitsi ena.

Nthawi imeneyo n'kuti a NyaGoma akulowa ndi mbale ya chimanga chachiwisi chophika, pakuti mwana wawo anachoka m'nyumba wosalawa kanthu. Patebulo panalibe malo. Chanda anagwira laputopu ya Towela kuti aisunthe pang'ono, ndipo anabweza dzanja msanga. Anaikhudzanso ndi kuseri kwa dzanja, monga amachitira pachipumi cha mwana. Kenako anakhudza yake, imene inali yofunda chabe.

Za makompyuta Chanda sankadziwa zambiri, koma kutentha thupi ndiyo inali ntchito yake. Anainyamula laputopuyo mosamala kuti chingwe chisazuke, n'kusuzumira kunsi kwake. Kunsiko kunali timabowo tambirimbiri topumira. Pa khushoni panali patalowa dzenje lofanana ndi laputopuyo, lotentha ngati pakhala mphika, ndipo thonje linali litatseka bowo lililonse. Purosesa ikatenthedwa imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Olima asanu ndi atatu aja analipo onse, koma ankalima atatsekeredwa m'nyumba yopanda zenera.

"Iyi ili na malungo," anatero Chanda, mawu atakwera ngati ali pa sikelo. "Nimakamba tsiku lililonse panja apa, mwana akapya thupi muvuleni. Manje imwe aphunzitsi athunthu mwamufunditsa bulangete. Nindani anakupatsani nzeru yamene iyi?"

Towela anayang'ana pansi. Amayi a pakhomo paja anasiya kuseka, pakuti ena mwa iwo chitenje chobiriwiracho ankachidziwa.

"Ndine, a nesi," anatero a NyaGoma chapansipansi. "Ninasoka ndine."

Chanda anatembenuka msanga. Anangotsegula kabati, n'kutenga zivindikiro zinayi za mabotolo a mankhwala otha, n'kuziyala patebulo, n'kukhazika laputopu pamwamba pake kuti mphepo izidutsa kunsi. Anatsegula zenera. Anatenga khadi la sikelo losalembedwa n'kuyamba kukupiza.

Kwa mphindi ziwiri palibe chinasintha. Kenako kulira kuja kunayamba kutsika. Nambala inachoka pa maola asanu ndi atatu kufika pa asanu ndi limodzi. Towela anaimirira. Inafika pa anayi, inazengereza, kenako inatsika mpaka maola awiri ndi mphindi khumi, n'kukhazikika pamenepo. Wotchi ya pakhoma inkati 11 koloko yadutsa ndi mphindi makumi awiri. Towela anawerengetsa kawiri, kenako kachitatu ndi zala ngati mwana wa m'kalasi mwake, ndipo nthawi zonse zinkakwana.

Kunja kunali ana odikira sikelo, choncho Chanda anayenera kutuluka. A NyaGoma anatambasula dzanja, ndipo Chanda anawapatsa khadi lija. Mayiwa anakokera mpando pafupi n'kuyamba kukupiza. Towela anawauza kuti sipakufunikanso, mphepo ya pazenera ikukwana, koma iwo anapitiriza. Dzanja lamanja likatopa ankasinthira lamanzere. Chimanga chinazirala m'mbale. Towela ankawayang'ana kumbali, mtima ukumuwawa, chifukwa ankadziwa kuti njere za thonje lija anazichotsa masiku atatu, ndipo palibe chimene anachita koposa kukonda mwana wawo ndi chimene anali nacho.

Isanakwane 12 koloko ya Towela inadutsanso ya Chanda, ndipo ulendo uno sinayang'ane m'mbuyo. Amayi a pakhomo anasintha mbali mosachita manyazi. Itangodutsa hafu pasiti 1, kamzere kanafika kumapeto, laputopu inakhala chete, ndipo panalembedwa kuti zatha.

Anaitsegula vidiyoyo kuti aone ngati ili bwino. Chanda analowa, amayi atatu analowa, ndipo a NyaGoma anaika khadi pamwendo. Pagalasi la laputopu panaoneka Towela ataima kutsogolo kwa bolodi, atanyamula zitsononkho za chimanga zomanga m'mitolo ya khumikhumi, ndipo pambali pake panaoneka ana akuwerenga mokweza. Zaka zisanu ndi chimodzi mwana wawo akuphunzitsa patali ndi nyumba ngati pamene munthu angamve tambala, koma a NyaGoma anali asanalowepo m'kalasi mwake. Ankati malo amenewo si awo. Anaonera mphindi zonse makumi anayi osagwedezeka. Pamene mtsikana wina wamanyazi anayankha molakwa ndipo Towela wa pagalasi anagwada pafupi naye n'kuwerenga naye limodzi mpaka anapeza, mayiwa anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Kansi ndimo uphunzitsira," anatero. "Nikanakuonongera ine."

Towela anawagwira dzanja lija linakupiza, n'kuwauza kuti palibe chaonongeka, ndipo akadapanda kubwera ndi mbale ya chimanga palibe akanaisuntha laputopuyo. Zinali zoona, ndipo mayiwa anaziganizira kanthawi n'kuvomera ndi mutu. Chanda anapempha a NyaGoma kuti amukhululukire pakamwa pake, iwo n'kuyankha kuti nesi wosakalipa sachiritsa. Apa n'kuti 2 koloko itadutsa pang'ono, ya Chanda idakali ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Mwini wake anaisisita pa pulasitala paja, n'kuiuza kuti yayesetsa, n'kuizula. Towela anaithokoza nayonso mumtima, pakuti ikanapanda kukhala pambali yozizira bwino, palibe akanadabwa ndi kutentha kwa inzake. Koma Chanda, Towela anamuthokoza ndi pakamwa, mobwerezabwereza, mpaka Chandayo anamuthamangitsa kuti ali ndi odwala.

Lachisanu Towela ananyamuka panjinga kutangocha. Laputopu anaikulunga m'mapepala a pulasitiki atatu n'kuibereka ndi chitenje. Kawiri anatsika panjinga n'kuwoloka madzi ofika m'chiuno, kaye ndi katundu pamutu, kenako n'kubwerera kukatenga njinga. Pamalo ena matope anagwira matayala mpaka anachita kuchotsa ndi kamtengo. Anafika ku boma, ku Chama, dzuwa litapendeka pang'ono, siketi ili yofiira ndi dothi, n'kukhala pakhonde la shopu ina pafupi ndi msika, pamene netiweki inali yodzaza. Anapempha njerwa ziwiri kwa mwini shopu n'kukhazikapo laputopu.

Kutumiza kunali ndi kamzere kakenso. Aka sikankadalira purosesa, kankadalira mlengalenga, ndipo panalibe chokupiza. Kanaima pa theka kwa mphindi zambiri mtambo ukudutsa, Towela akupemphera mosatulutsa mawu. Kenako kanayendanso. Itadutsa 3 koloko ndi mphindi khumi, panabwera uthenga wa akoleji wa mizere iwiri, woti vidiyo yake yalandiridwa. Anauwerenga kanayi. Anaujambula ndi foni kuopa kuti ungasowe.

Kenako anaimbira ku Ndola. Boniface anayankha foni isanalire kawiri, ndipo asanapereke moni anayamba kufotokoza mofulumira kuti wapeza munthu wa kutchalitchi amene angabwereke laputopu ina, kuti aikweza basi ya mawa, kuti mwina akoleji angamve akawapempha bwino. Mawu ake anali a munthu amene wayenda kwambiri masiku awiri.

"Adumbu, yapita," anatero Towela. "Ailandira. Laputopu yanu ndiyo yachita, maola awiri chabe. Simunapusitsidwe ayi. Wopusa ndinali ine, ndipo zija ndinalankhula pachulu mundikhululukire. Zikomo, adumbu."

Anamuuza za khushoni, za Chanda ndi zivindikiro za mabotolo, za amayi awo akukupiza ndi khadi la sikelo. Ankayembekeza kuti Boniface aseka, koma sanaseke. Anangofunsa, pang'onopang'ono, ngati ndiye kuti chaka sichinatayike. Towela anati sichinatayike. Anafunsanso ngati ndiye kuti pepala lidzabwera. Towela anati akoleji akaiona vidiyoyo n'kuikonda, lidzabwera, ndipo iye akukhulupirira kuti aikonda.

Ku Ndola kunakhala chete. Towela anaganiza kuti foni yaduka, koma anamva phokoso la makina owotcherera likuzima, kenako mapazi. Boniface anali ataiwala kudula. Mawu ake anamveka patali, akuitana anzake a pantchito mmodzimmodzi ndi mayina awo, Friday, Justin, ba Fred, kuti asiye kaye zitsulo amve. Ankalankhula Chibemba cha kumigodi chimene Towela ankangomva pang'ono, koma izi anazimva zonse. Ankawauza kuti mlongo wake ndi mphunzitsi, mphunzitsi weniweni, wa pepala.

Towela anakhala pakhonde paja foni ili pakhutu, misozi ikutsikira pa dothi la pasiketi, ndipo sanadule mpaka mlongo wake atamaliza kuuza onse.